Wachipatala akabwerera kukaphunzira fizikisi

Pachipatala cha Mulanje Mission amayi amayezedwa khansa ya khomo la chiberekero. Namwino amapaka viniga n'kuyang'ana ngati pena patuwa. Matenda akapezeka msanga, amathana nawo. Koma akalowerera, mayi amafunika chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza cha makina. Kwa zaka zambiri chithandizochi kunalibe kuno. Odwala owerengeka okha ndiwo ankatumizidwa ku India, Tanzania kapena Zambia, ena ambiri n'kubwerera kumudzi ndi mankhwala opha ululu basi.

Lero makinawo alipo, ku Blantyre kuyambira 2024 komanso ku National Cancer Centre ku Lilongwe. Komatu sadziyendetsa okha. Dokotala akalamula mlingo wa cheza, pamafunika katswiri wa fizikisi woti awerengetse bwino, kuti chezacho chigwere pachotupa n'kupewa chikhodzodzo ndi matumbo. Iyeyu ndiye amaonetsetsanso kuti makina akutulutsa mlingo woyenera wodwala asanagonekedwepo.

N'chifukwa chake zimandiwawa kumva anthu akunena kuti dokotala kapena wojambula ekisileyi amene wapita kukaphunzira fizikisi wathawa odwala. Wathawa kuti? Njira yakeyo ndi yokwera. Masamu ayenera kuwayambiranso, pakuti maphunziro ngati a zaka ziwiri a ku ICTP, mumzinda wa Trieste ku Italy, amafuna wodziwa kale fizikisi mozama. Unduna wa Zaumoyo umupatse tchuthi cha maphunziro, malipiro ake asaduke, ndipo pobwera apeze ntchito ikumudikira.