Sipanala pakhomo si mlandu, koma mabuleki si choseweretsa

Masiku ano si zachilendonso kuona galimoto yonyezimira, yofupika msinkhu, ya ekizozi yobangula, itaima pansi pa mtengo wa mango pa Jali, pa Govala kapena ku Matawale, boneti ili chitsekulire, mwini wake atalowa kunsi miyendo yokha ikuoneka. Ena mwa anyamatawa adagula galimotozi atabwera ku Joni, ena adapeza ndalama pa geni ya matemba a padoko la Kachulu kapena mpunga wa kusikimu ya Likangala. Loweruka likakwana, anzawo ali ku bawo kapena ku mpira, iwo amakhala akumasula uku ndi kumanga uko.

Makolo ambiri amaona ngati kumeneku n'kutaya nthawi ndi ndalama. Maganizo amenewa ndi ofunika kuwaonanso bwino. Mnyamata amene amakonda sipanala akuphunzira luso limene dera la kunyanja ya Chilwa likulisowa kwambiri. Chofunika n'chakuti luso limeneli likhale ndi malire, chifukwa pamene palakwika, wovulala sakhala mwini galimoto yekha.

Kukonza galimoto pakhomo sikudayambe lero m'derali. Matola amene akhala akutuluka ku Kachulu m'bandakucha atasenza madengu a matemba, makumba ndi milamba kupita ku Zomba ndi ku Limbe akhala akuyenda zaka zonsezi kaamba ka amakaniko a pansi pa mtengo. Ma Toyota Hilux akale ndi ti Nissan 1400, timene fakitale ya ku South Africa idasiya kupanga m'chaka cha 2008, tikadali pamsewu chifukwa cha anthu odziwa kuwotcherera, kusula ndi kulumikiza zimene ena adataya. Dziko lino lidaonanso kale zimene manja otere angachite pamene William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotola, ali mnyamata wa zaka 14.

Palinso nkhani ya m'thumba. Pafupifupi chipangizo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zipangizo idakwera kwambiri. Munthu wodziwa kusintha yekha oyilo, mapulagi, sefa ya mpweya ndi lamba wa fani amapulumutsa ndalama zimene zingagule thumba la feteleza. Amazindikiranso msanga pamene injini yasintha kaliridwe, vuto lisanakule.

Komatu walira mvula walira matope. Galimoto zaliwiro zimene achinyamata amazikonda, monga Toyota Altezza, Mark X ndi Subaru Impreza, zidapangidwira misewu yatala ya ku Japan. Zimafika kuno kudzera pamadoko a Dar es Salaam kapena Durban zitayenda kale zaka zambiri. Kampani ya Toyota idasiya kupanga Altezza m'chaka cha 2005, kutanthauza kuti ngakhale yooneka yatsopano bwanji, zaka zake zafika 20 kapena kuposa. Mapaipi ake a labala adauma, nthambo za magetsi zidakalamba. Galimoto yotere imafuna chisamaliro choyamba, zokongoletsa pambuyo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amayambira kumapeto. Chinthu choyamba chimene amachita ndi kudula masipuling'i kuti galimoto itsike, ioneke ngati za pakanema kapena za anyamata a ku Soweto amene amazungulitsa ma BMW akale mpaka matayala kufuka utsi. Iwo amaiwala kuti kumeneko masewerawa amachitikira m'mabwalo ake. Galimoto zimenezi zimabwera kale mimba yake ili pafupifupi masentimita 15 okha kuchokera pansi. Ikatsitsidwanso, pamsewu wafumbi wopita kunyanja, mwala umodzi ndi wokwanira kuboola sampu, oyilo yense n'kutayikira panjira, injini n'kugwira. Sipuling'i yodula sikhazikikanso bwino pamalo pake, ndipo ikhoza kusuntha galimoto ikadumpha bampu. Matayala opyapyala a pamarimu akuluakulu nawo sachedwa kutupa m'mbali akagunda dzenje. Mwini galimoto wanzeru wa kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanji amasiya msinkhu wa galimoto momwe udabwerera, amaika chitsulo chotchinga kunsi kwa injini, ndipo amasankha matayala a mnofu wokwanira.

Pali zizolowezi zinanso zimene zafala ngati nzeru pamene zili zoononga. Amakaniko ena amachotsa thermostat ponena kuti kuno n'kotentha. Kachipangizo kameneka ndi kamene kamathandiza injini kufika msanga pa kutentha koyenera. Kakachoka, injini imayenda yozizira nthawi yaitali, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Ngati galimoto ikuwira, vuto limakhala pa rediyeta yotsekeka, fani yakufa kapena pampu ya madzi. Ena amathira madzi a pachitsime m'rediyeta, osadziwa kuti madzi a m'zitsime zambiri za kufupi ndi nyanjayi ali ndi mchere umene umadya zitsulo mkati. Enanso amachotsa sefa ya mpweya ya fakitale n'kuika yotseguka kuti injini izilira mokoma. M'chilimwe, fumbi la m'dambo la Chilwa likalowa m'injini limapala zitsulo ngati mchenga. Ndi bwinonso kukumbukira kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amafewetsa mapaipi akale a labala, choncho galimoto yokhalitsa osayenda iyenera kuonedwa mapaipi a mafuta isanalizidwe.

Zonsezi zimangopweteka thumba la mwini wake. Koma pali ziwalo zitatu zimene zikalakwika zimapha anthu osalakwa: mabuleki, chiwongolero ndi matayala. Apa mpamene kuyeserera kuyenera kuthera. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amalangiza kuwasintha pakatha zaka ziwiri zilizonse. Amene amathiramo madzi a sopo kapena kutseka paipi yodontha ya gudumu limodzi kuti ayende ndi mabuleki atatu akuseweretsa miyoyo ya ana asukulu, amayi osenza mitolo ya nkhuni ndi akabaza amene amadzaza m'mbali mwa msewu tsiku la msika. Tayala lililonse lili ndi manambala anayi m'mbali mwake osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa. Lolembedwa 2318 lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala la kaunjika likhoza kuoneka la mano abwino pamene lidakalamba kale, ndipo opanga matayala salola kuti lipitirire zaka 10. Kuwonjezera mphamvu ya injini mabuleki ali omwewo akale kuli ngati kupatsa mwana ng'ombe yolusa yopanda chingwe. Nyali zowala mopyola muyeso nazo zimathobwa m'maso wanjinga wobwera kutsogolo mpaka kukagwera m'ngalande.

Ngozi ina ili pabwalo pomwepo. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto imene yangokhala pa jeke yekha kapena pa njerwa zosanja, chifukwa njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Pafunika zochirikiza zachitsulo kapena zipika zolimba, pamalo osalala, magudumu atatsekeredwa. Kupopa petulo ndi pakamwa kumaononga mapapo, ndipo kuliza injini m'chipinda chotseka kumapha mwakachetechete chifukwa mpweya woipa wa mu utsi wake sununkha. Zigubu za petulo zosungidwa kuchipinda chogona, pafupi ndi mbaula kapena kandulo, ndi moto wongodikira tsiku.

Nkhani imene anthu a m'mbali mwa Chilwa sayenera kuinyozera ndi ya oyilo wakutha. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Thondwe ndi mitsinje ina imathiramo, koma madzi amachoka pouma ndi dzuwa basi. Ndi nyanja yosaya, imene idaphwa m'zaka za 1968 ndi 1995 ndipo idatsala pang'ono kutheratu m'chaka cha 2018. Choncho chilichonse chimene chatayidwa m'ngalande ku Zomba kapena pa Govala chimatsikira komweko n'kukhala komweko. Galimoto imodzi ikasinthidwa oyilo imatulutsa malita anayi kapena asanu a oyilo wakuda. Oyilo ameneyu akafika pamadzi amayala pamwamba, amatseka mpweya ndipo amaononga malo amene nsomba zimaswana. Asidi ndi mtovu wa m'mabatire akale ndi poizoni woopsa, makamaka kwa ana. Nyanjayi ili m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar kaamba ka mbalame zake, komanso ndi m'phika wa mabanja ambirimbiri, kuyambira asodzi ogona m'zimbowera mpaka a pachilumba cha Chisi. Mnyamata amene adagula galimoto ndi ndalama za matemba, akamathira oyilo m'khwawa, akudula nthambi imene wakhalira. Oyilo wakutha asungidwe m'chigubu chotseka n'kukaperekedwa kugalaja, ndipo batire lakufa libwezedwe kwa ogula mabatire akale m'malo moliswa pakhomo.

Lamulo nalo silidagone. Malinga ndi lamulo la pamsewu la 1997, galimoto iyenera kukhala ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda, komanso inshulansi yoteteza anthu ena. Wosintha injini kapena mtundu wa penti ayenera kukadziwitsa a Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi galimoto. Kupeza COF yachinyengo, galimoto osaonedwa, n'kudzinamiza wekha, pakuti pepala siliimitsa galimoto pamtsetse. A Road Traffic ndi apolisi apamsewu nawo aonetsetse kuti akuyang'ana mabuleki ndi matayala enieniwo m'malo mongowerenga zomata pagalasi.

Mbali ina ili m'manja mwa bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti litukule maphunziro a ntchito zamanja. Boma la Zomba lili ndi sukulu ya Nasawa Technical College. Anyamata ndi atsikana amene adaphunzira umakaniko poonera ayenera kupatsidwa njira yapafupi yoyesedwa luso lawo ndi kulandira satifiketi, komanso maphunziro afupiafupi a magetsi a galimoto zamakono, zimene zambiri zimafuna kompyuta kuti vuto lidziwike. Luso lomweli ndi limene lingakonze injini za maboti a ku Chisi, mapampu a m'masikimu a mpunga, zigayo ndi njinga zamoto za kabaza.

Kubanja nako kukhale chilungamo. Galimoto yokonda munthu imadya ndalama mwakachetechete, lero marimu, mawa zokuzira mawu, fizi ya mwana isanalipidwe. Bambo ndi mayi akhale pansi agwirizane kuti pamwezi galimoto idye zingati, ndipo ndalama ya mabuleki ndi matayala ikhale patsogolo pa ya penti. Makolo asathamangitse mwana amene wadetsedwa ndi girisi, koma amutumize kwa makaniko wodziwa kuti akaphunzire bwino, ndipo mwana wamkazi akafuna kugwira sipanala asauzidwe kuti imeneyo ndi ntchito ya amuna. Safunsa adadya phula: pamene nzeru zathera, makamaka pa mabuleki ndi chiwongolero, galimoto ipite kwa katswiri isanatuluke pachipata kukakumana ndi anthu pamsewu wa ku Kachulu.