Mboni Imene Sidatikonde

Tikamanena Chikhulupiriro cha Atumwi m'chalichi timatchula dzina la Pontio Pilato. Kodi mudziwa kuti munthu wina wa ku Roma, wosapembedza Mulungu wathu, adalembanso za Pilato yemweyo?

Munthuyo ndiye Tacitus, amene adabadwa cha m'ma 56 nakhala mmodzi wa akuluakulu a bwalo la Aroma. Cha m'ma 116 adalemba buku lotchedwa Annales, lolongosola mbiri ya mafumu a Roma kuyambira imfa ya Augustus m'chaka cha 14. M'menemo asimba za moto umene udapsereza mzinda wa Roma mu 64, ndi kuti mfumu Nero idakankhira mlanduwo pa Akhristu niwapha mwankhanza. Anenanso kuti Khristu adaphedwa ndi Pilato m'masiku a Tiberiyo. Tacitus ankanyoza chipembedzo chathu, komabe umboni wake ngwamphamvu chifukwa mdani salemba kuti akukondweretse.

Zambiri zimene adalemba zidatayika. Gawo lonena za Akhristuli lidapulumuka m'buku limodzi lokha, lokopedwa pamanja ku Monte Cassino m'zaka za m'ma 1000. Bukulo likadapsa, sitikadamva mawu a mboniyi.

Nafenso tidali naye mlembi wa mbiri. Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adafunsa nkhalamba za m'midzi nalemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Nkhalambazo zidatsikira kuli chete, koma mawu awo tikuwerengabe.

Nanga ife a kuno ku Kasungu? Ndani pabanja panu angalongosole za nkhondo ya Mwase ndi Angelezi mu 1895, kapena kutchula amene adayamba kulalikira m'mudzi mwanu? Akale adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mbiri yokhala m'mutu mwa agogo okha ili pachala.

Inu achinyamata, mukamasankha fodya m'chigafa pamodzi ndi agogo, afunseni kumene mtundu wanu udachokera, ndipo madzulo mulembe m'kope. Lembani zoona, zokoma ndi zowawa zomwe, osakometsera. Inu makolo, musawatopere anawo akamafunsa. Paja Luka nayenso adayamba wafufuza bwino asanalembe Uthenga Wabwino.