Mfumu imene imayang'ana mu meda



Kuwerenga kwathu lero ndi Salimo 89 kuyambira ndime 38, Salimo 93 ndi Salimo 82. Tsegulani Baibulo muwerenge nokha, ine pano ndingofotokoza.

Sondo ikubwerayi ndi yomaliza m'chaka cha mpingo tisanalowe mu Adiventi, ndipo timaitcha Sondo ya Khristu Mfumu. Chikondwerero ichi anachikhazikitsa ndi Papa Pius XI mu 1925, ife a Anglikani tinachilandira pambuyo pake. Makwaya akonzeka, amayi a Mothers' Union achapa kale mayunifomu, ndipo tonse tidzaimba mokweza kuti Mulungu ndiye mfumu. Chimene chindivuta ndi momwe mawu amenewa alalikidwira masiku ano pa wailesi, m'mabasi ndi pa Facebook pomwe pano. Ati popeza Atate wako ndi mfumu, iwe ndiwe mwana wa mfumu, ndipo mwana wa mfumu sayenda pansi, sakhala m'nyumba ya lendi, sagona ndi nkhongole. Ati bzala mbewu ya ndalama kwa munthu wa Mulungu, mawa udzadya za ku nyumba yachifumu. Amayi ogulitsa tomato akamva zotere, madzulo nkuwerenga tundalama tosakwana ngakhale pamela ndi saladi, ayamba kudzifunsa ngati iwo ndi ana a mfumu ina. Masalimo sakamba choncho, ndipo ulaliki wotere ubisa chinthu chachikulu chimene ufumu wa Mulungu ufuna kwa ife a malonda.

Tiyambe ndi malo amene masalimo a ufumu aikidwa. Masalimo onse ndi 150, ndipo agawidwa m'mabuku asanu. Buku lachitatu litha ndi Salimo 89. Salimo ili liyamba bwino, likumbutsa Mulungu pangano lake ndi Davide lakuti mpando wa banja lake sudzatha. Koma mukafika pa ndime 38 nyimbo isintha. Woimbayo aloza Mulungu chala, ati mwamtaya wodzozedwa wanu, chisoti chake chili m'fumbi, malinga agumuka, aliyense wodutsa atolapo chimene afuna. Mbiri ya tsoka lotere ili pa 2 Mafumu 25. Pafupifupi chaka cha 587 Khristu asanabadwe, asilikali a Nebukadinezara mfumu ya Babulo anagwetsa Yerusalemu ndi kutentha Kachisi. Mfumu Zedekiya anamgwira, anapha ana ake iye akuona, kenaka anamkolowola maso namtenga mu unyolo. Ufumu wa banja la Davide mu Yerusalemu unathera pamenepo.

Manje tembenuzani tsamba. Buku lachinayi liyamba ndi Salimo 90, limene pamutu pake pali dzina la Mose, munthu amene anatsogolera Israele kusanakhale mfumu iliyonse. Patsogolo pang'ono pabwera Salimo 93, kenaka 95 mpaka 99, onse kulengeza kuti Mulungu ndiye ali pa mpando. Amene anasanja bukuli anaika nyimbo za ufumu wa Mulungu pambuyo penipeni pa maliro a ufumu wa anthu. Anazipereka m'kamwa mwa anthu amene analuza zonse: mfumu, mzinda, tchalitchi, minda. Choncho amene katundu wake anapsa pa City Market mu Lusaka mu Julaye 2017, kapena amene chimanga chake chinauma m'munda pa chilala cha 2024, asaganize kuti masalimo awa ndi a anthu ena amene zinthu ziwayendera. Eni ake enieni ndi iye.

Onani Salimo 93, la ndime zisanu chabe. Pakati pake pali madzi osefukira, ndipo woimba awatchula katatu akukwera ndi kukokoma. Sakana kuti madziwo alipo, sakambanso kuti aphwa. Akamba chabe kuti pali wina woposa mkokomo wawo, amene mpando wake unalipo madziwo asanayambe. Wa ku Luangwa amene anaonapo mtsinje utadzaza mu Febuluwale adziwa kuti munthu saimba zotere moseka. Chikhulupiriro cha m'salimo ili ndi cha munthu amene madzi ali m'chiuno, koma akana kuwatcha madziwo mfumu.

Funso lachiwiri ndi lakuti, kodi ndi mfumu yotani? Ife a kum'mawa za ufumu tizidziwa. Pa Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti, mafumu a Achewa ochokera mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kwa Kalonga Gawa Undi. Amabwera ndi mphatso ndi magule, inde, koma amabweranso kudzafotokoza momwe anthu awo akhalira. Kulamba mfumu ndi kuvomera kuti ili ndi mphamvu yokufunsa mafunso. Ndipo m'mudzi uliwonse, nyakwawa idziwika ndi momwe iweruzira mlandu wa mayi wamasiye pamene wolimbana naye ali ndi ng'ombe.

Masalimo akamba chimodzimodzi za Mulungu. Salimo 89 ndi Salimo 97 onse awiri aonetsa kuti pansi pa mpando wake, pamene pakhala maziko, pali chilungamo ndi kuweruza kolunjika. Salimo 99 likamba kuti mfumu iyi ikonda chilungamo, ndipo litchula katatu kuti ndi yoyera. Salimo 96 ndi 98 aitana nyanja, minda, mitengo, mitsinje ndi mapiri kuti zisangalale, ndipo chifukwa cha chisangalalocho nchakuti iye akubwera kudzaweruza. Ife tikamva za chiweruzo timanjenjemera, koma munthu amene anabedwa pa sikelo zaka zonse, akamva kuti woweruza wosalandira chiphuphu ali m'njira, amavina.

Salimo 82 ndilo loopsa. Mulungu aimirira pa bwalo, ndipo oimbidwa mlandu ndi amphamvu amene anapatsidwa udindo woweruza. Mlandu wawo ndi umodzi: anakondera oipa, nasiya ofooka, amasiye ndi osauka opanda wowaimira. Kenaka ndime 5 ikamba kuti maziko a dziko agwedezeka. Ikani izi pafupi ndi Salimo 93, limene likamba kuti dziko lakhazikika chifukwa Mulungu alamulira. Madzi osefukira alephera kugwedeza dziko, koma kupondereza wosauka kuligwedeza. Ndipo Salimo 72, pemphero lopempherera mfumu ya padziko, liyesa mfumuyo ndi muyeso womwewo: kodi imva wosauka akalira, kodi magazi a munthu wamba ndi a mtengo wapatali m'maso mwake?

Apa mpamene nkhani ifika pa tebulo lathu. Ndi chapafupi kuloza a ndale, ndipo tibwerako. Koma aliyense wa ife ali ndi kaufumu kake. Wogwira sikelo ndi mfumu pa mlimi amene wabwera ndi thumba la nshawa pa njinga, sadziwa kuwerenga manambala, ndipo mwana adwala kunyumba. Mwini shopu ndi mfumu pa mtsikana amene amgulitsira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Wobwereketsa kaloba ndi mfumu pa mayi amene wasiya khadi lake la ku banki ngati chikole. Woitana mnyamata wa wilibala ndi mfumu pa mnyamatayo pamene katundu wafika ndipo mtengo munapangana uyamba kusintha. Mafunso a mu Salimo 82 afika kwa mafumu ang'onoang'ono onsewa.

Tonse tidziwa zimene zichitika. Meda yogulira kwa mlimi ndi yaikulu, meda yogulitsira m'tauni inagogodedwa pansi kuti ilowe mkati. Mulu wa tomato, abwino pamwamba, ophwanyika pansi. Thumba la malasha, pakamwa akuluakulu, pakati fumbi ndi miyala. Kapenta wowaza madzi kuti alemere. Ndipo ambiri a ife amene tichita izi tili ndi vesi lolembedwa pa chitseko cha kantemba, ndipo m'mawa timapemphera kuti Mulungu atitumizire makasitomala. Abale anga, tiwapempha kuti abwere kudzatani? Salimo 24, limene timaimba kuti zipata zitseguke mfumu ya ulemerero ilowe, liyamba lafunsa kuti ndani angaime pamaso pake, ndipo chinthu choyamba chimene liyang'ana ndi manja. Salimo 15 lionjezera: munthu wosunga chimene analonjeza ngakhale chimupweteke, wosadyera mnzake pa chiwongola dzanja, wosalandira chiphuphu. Awa ndi mawu a pa msika, ndipo ndiwo a pa chipata cha nyumba ya mfumu.

Za a ndale nazo. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo a dziko. Ambiri timanyadira zimenezi. Koma dziko limene lalengeza kuti Mulungu ndiye mfumu yake ladziitanira lokha ku bwalo la Salimo 82. Aliyense wotolera msonkho pa msika, wogawa malo ogulitsirapo, woima pa chotchinga pa msewu, adzafunsidwa za wofooka. Ndipo ife ovota, Salimo 146 litichenjeza kuti tisaike moyo wathu wonse pa akuluakulu, pakuti nawonso mpweya ukachoka abwerera ku dothi ndi mapulani awo omwe. Apemphereni atsogoleri, mverani malamulo, kavoteni, koma musagwadire munthu chifukwa cha chitenge ndi kapu.

Ndidziwa chimene ena muyankha, ndipo si chopusa. Mukuti: aphunzitsi, bizinesi ni bizinesi. Ine ndikadzaza meda bwinobwino, woyandikana nane amene anagogoda yake atsitsa mtengo, makasitomala onse apita kwa iye, ana anga adya chiyani? Sindikunamizani kuti mukachita chilungamo mawa phindu liwirikiza. Nthawi zina kasitomala azindikira nabwerera kwa inu ndi anzake. Nthawi zina sazindikira, ndipo muluzadi. Asafu mu Salimo 73 anaona zomwezo: achinyengo akunenepa, chuma chawo chikukula, iye amene anasunga manja oyera akuvutika tsiku ndi tsiku, mpaka anatsala pang'ono kuterereka. Chimene chinamgwira nchakuti analowa m'nyumba ya Mulungu naona kumene njira ziwirizi zithera. Baibulo silibisa kuti kumvera mfumu iyi kuli ndi mtengo wake. Chimene likana ndi chakuti njala ya ana ako uithetse ndi ndiwo za ana a mnzako.

Musandimve molakwa, phindu si tchimo. Amene wakwera basi usiku wonse kukaoda katundu ku Nakonde ayenera kupeza kanthu pa thukuta lake. Salimo 72 lomwelo lipempherera dzinthu zochuluka m'dziko mpaka pamwamba pa mapiri. Mulungu sakondwera ndi umphawi wanu. Koma m'salimo limenelo zokolola ziyendera limodzi ndi chilungamo kwa wosauka, ndipo alaliki a mbewu ya ndalama atenga zokololazo nasiya chilungamocho.

Tiyang'ane kwa mwini Sondo ikubwerayi. Pamene dzina lakuti mfumu linalembedwa pamwamba pa mutu wa Yesu, linalembedwa ndi Pilato, pa mtanda, ndipo chisoti chinali cha minga. Zovala zake asilikali anagawana. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mfumu yathu sinalewe. Ngati mwana wa mfumu sayenera kuvutika, nanga Mwana weniweni wa Mfumu anatani? Kukhala mwana wa mfumu iyi ndi kutengera khalidwe la m'nyumba mwake. Mayi amene agulitsa tomato pang'ono koma mulu wake ndi umodzimodzi pamwamba ndi pansi, afanana ndi Atate wake kuposa wa galimoto amene antchito ake sanalandire miyezi itatu.

Ife a Anglikani tili ndi Salimo 95 pa chiyambi cha Mapemphero a M'mawa. Theka loyamba litiitana kuimba ndi kugwada pamaso pa mfumu yaikulu. Theka lachiwiri, limene ambiri timakonda kulidumpha, lichenjeza kuti tisaumitse mitima lero monga anachitira makolo a Israele ku Meriba ndi ku Masa m'chipululu. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti lero. Choncho pempho langa ndi ili: Sondo isanafike, tembenuzani meda yanu muyang'ane pansi pake. Ngati inagogodedwa, iwongoleni kapena itayeni. Ngati sikelo munaisintha, ibwezeni pa malo ake. Ngati pali wantchito kapena wa wilibala amene muli naye nkhongole, mlipireni musanaike chopereka m'mbale. Ngati munabwereketsa wamasiye ndipo wabweza kale kuposa zimene anatenga, m'bwezereni khadi lake. Ndipo inu amene madzi akufikani m'khosi, amene chaka chino chakudyerani kapito yonse, bwerani ku Misa mudzaimbe Salimo 93 ngakhale m'thumba mulibe kanthu. Malo anu alipo.

Tipemphere. Ambuye Mulungu, mfumu ya dziko lonse, inu muona pansi pa meda ndi mkati mwa mtima. Tipatseni lero makasitomala, ndipo mutipatsenso manja oyera owatumikira nawo. Limbitsani amene aluza katundu, kumbukirani alimi pamene mvula ikuyamba, ndipo phunzitsani onse okhala pa mipando kumva kulira kwa wosauka. Mwa Yesu Khristu Mfumu yathu. Amen.

Muyende bwino pa malonda a lero, ndipo musaiwale mbasela kwa agogo aja ogula kamulu kamodzi.