Kupuma pokonzekera masewero si ulesi

Makochi ambiri akaona wosewera atakhala pansi nthawi yolimbitsa thupi amakalipa, ati ndi ulesi. Apa amalakwitsa.

Minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ndiyo imagwira mabuleki a mwendo munthu akamathamanga. Ikang'ambika, ngakhale katswiri amagwa, monga zidamuchitikira Usain Bolt ku London mu 2017 pampikisano wake womaliza.

Polimbitsa minofuyi, monga pogwada n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono mnzake atamugwira akakolo, wosewera azipuma mphindi 2 kapena 3 asanabwereze. Nthawi imeneyi ndiyo imabwezeretsa mphamvu m'minofu. Akapuma masekondi 30 okha, ulendo wachiwiri amangodzigwetsa ngati thumba, minofu osalimba.

Choncho kochi azigwira wotchi m'malo mokalipa. Paja kuthamanga si kufika.