ZA MAKINA: Galimoto ya Turbo pa Ulendo wa M'thengo

Mvula ikangotha, mitsinje niyamba kuphwa, anthu okhala m'mbali mwa mseu wocokera ku Chipata kupita ku Mfuwe amayamba kuona magalimoto aatali misinkhu, osenza mahema, zigubu ndi matayala pamwamba pa denga. Ena acokera ku South Africa, ena ku Ulaya, ndipo onse alinga ku cigwa ca Luangwa. Magalimoto a mtundu womwewo, okoka ndi magudumu onse anai, ndiwo amene zipatala, mamishoni ndi alangizi a zaulimi amadalira. Akakalamba amagulidwa ndi magulu a alimi, kapena ndi munthu amene wasunga ndalama za thonje ndi nshawa kwa zaka zambiri. Galimoto yotere ikafera m'thengo, mlendo amangotaya masiku a chuthi cace, koma wa kumudzi akhoza kutaya cuma cace conse, ngakhale moyo wa wodwala amene wamunyamula.

Injini zambiri za magalimoto amenewa ndi za dizilo, ndipo zili ndi cipangizo cochedwa turbo. Mwini nzeru imeneyi anali Alfred Büchi wa ku Switzerland, amene anailembetsa ku boma m'caka ca 1905. Turbo imagwira nchito monga mvukuto wa wosula makasu. Utsi wotuluka m'injini umazunguza kagudumu kamapiko. Kagudumuko kamazunguza kanzace kolumikizidwa pa kamtengo kacitsulo kamodzi, ndipo kaciwirika kamakankhira mpweya wambiri m'injini. Mpweya ukacuruka, injini imatha kutentha dizilo wocuruka, mphamvu niikula. Timagudumuti timazungulira koposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo kamtengo kace kamayandama pa oilo wocepa ngati pepala.

Phindu lace limaoneka pa mapiri. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo 3 mwa magawo 100 a mphamvu yace pa mamita 300 alionse amene yakwera, cifukwa mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Galimoto yocoka pansi pa cigwa kukwera mapiri a Muchinga kulinga ku Mpika imakwera mamita mazana ambiri pa mseu wa miyala, ndipo pamenepo ya turbo imakoka bwino pamene inzace ikuwefuka.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Mphamvu imeneyi imadza ndi kutentha, ndipo mbiri ya Land Rover ikuphunzitsa zimenezi. Injini yao ya dizilo ya malita 2.5 inali ndi mphamvu ya akavalo 68. M'caka ca 1986 anaiika turbo, mphamvu niifika pa 85. Ngakhale akatswiri analimbitsa ziwalo zina za m'kati, injini zoyambirira zinadziwika ndi kung'aluka kwa mapisitoni zikagwiritsidwa nchito yolemetsa. M'caka ca 1989 kampaniyo inatulutsa injini ya 200Tdi, ya mutu watsopano ndi cipangizo coziziritsa mpweya usanalowe m'injini, cochedwa intercooler. Imeneyi inapatsa akavalo 111 m'galimoto ya Discovery, ndipo ndiyo inayenda mpikisano wa Camel Trophy wa 1991 kucokera ku Tanzania kufika ku Burundi.

Nayonso Toyota m'caka ca 1990 inatulutsa injini ziwiri za malita 4.2 za Land Cruiser: 1HZ yopanda turbo, ndi 1HD-T yopangidwira turbo kuyambira paciyambi. Eni ambiri a 1HZ amakopeka kuikirapo turbo yogula padera ndi kutsegula pampu kuti ipereke dizilo wambiri. Galimoto imathamangadi, koma citsulo ca aluminiamu ca mapisitoni cimasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, ndipo utsi wa injini yomwetsedwa dizilo wopitirira muyeso umatentha koposa pamenepo. Wocita zimenezi ayenera kuika geji yoonetsa kutentha kwa utsi, ndi kubwezako phazi singano ikakwera. Wopanda geji angacite bwino kusiya injini monga anaipangira eni ace.

KUKONZEKERA ULENDO

Pokonza galimoto ya ulendo wautali, anthu ambiri amayamba ndi zooneka ndi maso: nyale zazikulu, zitsulo za kutsogolo ndi denga la katundu. Makaniko wodziwa amayamba ndi redieta, mapaipi a madzi, malamba, mabuleki ndi masipuling'i. Pa injini za Tdi, lamba wa m'kati wogwirizanitsa mavavu ndi mapisitoni ayenera kusinthidwa ngati mwini watsopano sadziwa msinkhu wace, pakuti akaduka injini imaima pomwepo.

Kulemera ndiye mdani wobisika. Cigubu ca malita 20 codzaza dizilo cimalemera makilogalamu pafupifupi 20. Zigubu zisanu, matayala awiri ndi hema pa denga zimacititsa galimoto kupendama pa mseu wotsetsereka cammbali. Katundu wolemera ayenera kukhala pansi, pakati pa magudumu a kutsogolo ndi a kumbuyo.

Paipi yokwera m'mbali mwa galasi, yokokera mpweya pamwamba, imathandiza pa fumbi ndi pa madooko. Komabe polumikizira pace ponse payenera kumatidwa, cifukwa madzi sapanikizika monga mpweya. Akalowa m'injini ikuyenda amapinda zitsulo zogwira mapisitoni. Galimoto ikazimira m'madzi, woyendetsa asayese kuiliza. Aikokere kumtunda, acotse mapulagi otenthetsera kapena mainjekita, ndi kutulutsa madziwo poyamba.

UTSI UMANENA MATENDA

Injini ya dizilo sibisa matenda ace. Utsi wakuda pamodzi ndi kufooka kwa mphamvu umatanthauza kuti mpweya wacepa. Poyamba kuyang'ana ndi pa sefa ya mpweya, imene fumbi la cilimwe limatseka msanga. Sefa ikakhala yoyera, ayang'ane mapaipi a labala ocokera ku turbo. Paipi yong'ambika imalira ngati mluzu pokwera mtunda ndipo imasiya oilo pamene yang'ambikira. Anthu ambiri agula turbo yatsopano pamene cofunika cinali kumanga paipi imodzi yomasuka.

Utsi wobiriwira ngati thambo, wonunkha oilo, umasonyeza kuti injini ikutentha oilo wace, kapena cifukwa ca kutha kwa maring'i, kapena kutayikira kwa turbo. Utsi woyera wosatha injini itatentha kale, pamodzi ndi kucepa kwa madzi m'redieta, umaloza ku gasiketi ya mutu wa injini.

Injini ikamadukiza niizima yokha, kawirikawiri mlandu uli pa dizilo. Dizilo wogulidwa m'migolo ya m'mbali mwa mseu amakhala ndi madzi ndi dzimbiri. Madzi ndi olemera, motero amakhala pansi pa sefa ya dizilo, pamene pali kapopi kowatulutsira. Sefa ikasinthidwa, kapena thanki ikauma, mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo uyenera kutulutsidwa popopa kapampu ka pamanja kufikira dizilo atatuluka wopanda thovu. Injini zatsopano zoyendetsedwa ndi kompyuta sizipirira dizilo wakuda monga zakale zija, ndipo matenda ace ambiri amafuna makina oyezera opezeka m'tauni mokha. Wogula galimoto ya kumudzi aganizire mfundo imeneyi asanapereke ndalama.

Singano ya kutentha ikakwera, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene cigwa cimatentha koposa madigiri 40, aone ngati njere za udzu zatseka maso a redieta. Asatsegule citsekero injini ili yotentha, pakuti madzi owira amaphulikira kumaso.

Pali ngozi ina yosacitika kawirikawiri koma yoopsa. Turbo ikaonongeka kwambiri, oilo amathiridwa m'njira ya mpweya, injini niiyamba kudya oiloyo ngati dizilo. Imalira koopsa, utsi uli tolotolo, ndipo siizima ngakhale kiyi atacotsedwa. Woyendetsa aponde mabuleki kolimba, aike giya yapamwamba ndi kusiya kilachi kuti injini itsamwe. Kapena atseke polowera mpweya ndi thabwa. Asatseke ndi dzanja.

MAKHALIDWE A WOYENDETSA

Turbo imakhala kapena kufa ndi oilo. M'mawa injini iyambe yalira pang'ono isanasenzetsedwe nchito. Pambuyo pa mtunda wautali kapena mcenga wolemetsa, ilekedwe ilire yokha mphindi ziwiri kapena zitatu isanazimitsidwe, cifukwa ikazimitsidwa mwadzidzidzi oilo amaima m'turbo yotentha napserera. Oilo ndi sefa yace zisinthidwe msanga koposa m'tauni, popeza fumbi ndi lambiri.

Pa mcenga, kucepetsako mpweya m'matayala kumathandiza koposa kuponda mafuta, malinga pampu yobwezera mpweya ilipo. Giya yaing'ono yokokera iikidwe galimoto isanalowe pa malo oipa, ndipo zomangira magudumu zimasulidwe pofika pa tala, kuopa kupotokola zitsulo. Dothi lakuda la makande likanyowa siligonjera injini iriyonse. Nchifukwa cace miseu yambiri ya m'kati mwa cigwa siipitika m'dzinja. Pa dooko, munthu ayambe wafunsa eni mudzi za kuya kwa madzi ndi za ng'ona. Safunsa anadya phula.

Zonyamula zofunika ndi zocepa: sefa ya dizilo ndi ya mpweya, malamba, mapaipi a redieta, oilo, masipanala, waya, jeke ndi thabwa loikira pansi pace, fosholo, nkhwangwa, cingwe colimba ndi madzi akumwa okwanira masiku angapo. Woyendetsa asiyenso mau kwa abale kapena kwa a nyakwawa, onena njira imene adzere ndi tsiku limene ayembekeza kufika, kuti akacedwa anthu adziwe kokamufuna.