Mbale Yobisika Pansi pa Mpunga

Achinyamata athu ena ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota apeza ntchito yatsopano yojambula zakudya, kuti eni malo odyera ndi amayi ophika pa maukwati azitsatsira malonda pa Facebook ndi WhatsApp. Ndi njira yabwino yopezera riziki, sitikutsutsa. Chimene tikukana ndi ukathyali umene ukuloŵerera m'ntchitoyi.

Nkhuku amaiphika mosapsetsa kuti khungu lisakwinyike, n'kuipaka mafuta ndi utoto. Pansi pa mpunga amavundikirapo mbale kuti mulu utukumuke. Chambo cha pachithunzi chimafanana ndi chija ankavuula agogo athu, koma wogula akafika amampatsa kasawala. Akatha kujambula, nkhuku yautoto ija imapita kudzala, m'dziko limene mabanja ambiri amagona ndi njala mu Januwale ndi Febuluwale.

Amatiyankha kuti aliyense amadziŵa kuti chithunzi n'chithunzi basi. Ayi ndithu. Mayi amene watumiza ndalama pa foni kuitanitsa futari ya alendo ake wagula chimene maso ake aona. Mu Sahih Muslim timaŵerenga kuti Mtumiki (SAW) anapisa dzanja mu mulu wa chakudya chamalonda, napeza kuti chonyowa chili pansi, ndipo anamudzudzula wogulitsayo. Nanga mbale yovundikira ija ikusiyana pati ndi chinyezi chobisidwacho?

Wojambula asazembe ponena kuti wogulitsa mpungayo si iye, pakuti mulu uja waunjika ndi manja ake. Ajambule pafupi ndi zenera, m'maŵa dzuŵa lisanakwere, mbale yomweyo imene wogula adzalandire, ndipo akatha chakudyacho chidyedwe.