Chiphaso cha mfuti chizibwera munthu atadutsa pabwalo

Nyengo yokolola ikafika kuno kumunsi kwa mapiri a Dedza, ndalama zimayenda m'matumba. Ogula chimanga, mpunga ndi thonje pa Golomoti ndi pa Mtakataka, ogulitsa ng'ombe, ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba, onsewa amagona ndi ndalama zimene wakuba naye akuzidziwa. Msewu wa M5 ndi wautali, ndipo usiku ukagwa thandizo limachedwa. N'zosadabwitsa kuti ena mwa iwo amayamba kulingalira zokapempha chiphaso cha mfuti yaing'ono, n'kumafunsana kuti yabwino ndi iti, pisitolo ya magazini kapena volovolo. Anthu amene amalidziwa bwino funsoli ndi aja amapikisana pa masewera owombera chandamale moyerekezera kudziteteza, ndipo akamasankha mfuti amayamba ayeza dzanja la mwiniwake. Ine ndikuti boma nalo lizitero: munthu wamba asapatsidwe chiphaso cha mfuti yaing'ono asanaphunzire pabwalo lovomerezeka ndi kukhoza mayeso pamaso pa mphunzitsi.

Masewerawa ali ndi mabungwe awiri akuluakulu. La IPSC linakhazikitsidwa mu 1976 ku Columbia m'chigawo cha Missouri ku America, ndipo mpikisano wake wa dziko lonse unachitikapo kuno kummwera kwa Africa: ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, mu 1977, ku Roodepoort mu 1979, ndi ku Pietersburg mu 2002. La IDPA linabwera mu 1996, litayambitsidwa ndi anthu amene ankaona kuti mpikisano wasanduka wa mfuti zodula zimene palibe angayende nazo. Ku South Africa masewera a IDPA amayendetsedwa ndi bungwe la SADPA. Pa masewera a IDPA, wopikisana amafika pabwalo mfuti ilibe chipolopolo, ndipo saloledwa kuigwira mpaka woyang'anira chitetezo atamuuza. Amaima mfuti ili m'chimake m'chiuno, itaphimbidwa ndi chovala. Kawotchi kakalira, amaisolola, n'kuwombera zandamale za makatoni atabisala kuseri kwa chotchinga. Pakati pa makatoniwo pamakhala ena ojambulidwa manja otambasula, kuimira munthu wosalakwa, ndipo kulasa limodzi mwa amenewa kumamuonjezera masekondi 5 pa nthawi yake. Chala chikapezeka pa chokhethemulira pamene akuyenda, amalangidwa. Kukamwa kwa mfuti kukaloza kumene kuli anthu, ngakhale kwa kamphindi, mpikisano wake wathera pomwepo, kaya akhale katswiri wotani. Zimene zikupimidwa apa ndi kudziletsa munthu ali pa phuma.

M'gulu la volovolo, malamulo a IDPA amalola zipolopolo 6 zokha m'mfuti, ndipo mpope wake usapitirire mainchesi 4.25. Motero ambiri amasankha volovolo yachitsulo ya mpope wa mainchesi 4, yonga Smith & Wesson Model 686 kapena Ruger GP100. Zifukwa zake n'zomveka ngakhale kwa munthu amene sanagwirepo mfuti. Mfuti yolemererako imameza mphamvu ya kudidimuka kwake ikalira, pomwe kavolovolo kopepuka ka mpope waufupi, kamene anthu amakakonda chifukwa kamabisika m'thumba, kamapweteka dzanja ndipo n'kovuta kulasa nako. Volovolo ya .357 Magnum imalandiranso zipolopolo za .38 Special, zomwe n'zofewerapo, choncho wophunzira amayamba ndi zimenezi. Chogwirira chiyenera kukwana m'dzanja kuti chala chifike pa chokhethemulira popanda kupotoza mkono, ndipo ichi sichidziwika poyang'ana chithunzi pa foni. Koma chachikulu ndi chokhethemuliracho. Pa volovolo chimakhala chachitali ndi cholimba, chofuna mphamvu ya makilogalamu 4 kapena 5, chifukwa chala chomwecho ndicho chimazungulitsa kachigubu ka zipolopolo ndi kukoka kanyundo. Munthu wadzidzimuka usiku savutika kukhethemula mwangozi mfuti yofewa. Yolimbayi imamupatsa kanthawi koti maso aone kuti amene ali pakhomo ndi mwana wake. Ndiponso ukatsegula kachigubu kaja, zibowo zonse 6 zimaonekera poyera. Pisitolo ya magazini imatha kusunga chipolopolo chimodzi mumpope magazini atachotsedwa, ndipo ngozi zambiri za «ndimayesa mulibe kanthu» zimachokera pamenepa.

Alipo amene anganene kuti volovolo ndi yachikale, ndipo sakunama. Smith & Wesson Model 10 inayamba kupangidwa mu 1899, Mishoni ya Mua isanakhazikitsidwe mu 1902, ndipo apolisi a maiko ambiri anaisiya kalekale n'kutenga mapisitolo onyamula zipolopolo 15 kapena kuposa. Kuikamo zipolopolo zina kumachedwa, ngakhale pogwiritsa ntchito kachipangizo koika zonse 6 nthawi imodzi. Komatu wapolisi ndi wamalonda ntchito zawo n'zosiyana. Wapolisi amatumidwa kutsata chigawenga. Wamalonda lamulo limangomulola kudziteteza akaukiridwa. Pabwalo, kuchepa kwa zipolopoloko ndiko kumaphunzitsa, chifukwa wa volovolo amawerenga chipolopolo chilichonse ndipo sawombera mwachisawawa poyembekezera kuti china chilasa. Chipolopolo chimene chaphonya pamsika wa Golomoti chimakagwera munthu wina, ndipo makoma a njerwa zosawotcha ndi zitseko zamatabwa za m'midzi yathu si zodalira kuti zichiimitsa.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'chakuti Malawi waona kale zokwanira ndi mfuti, nanga bwanji tikambe zotsegula mabwalo ophunzitsira kuwombera? Anthu a ku Dedza ndi Ntcheu ali ndi chifukwa chofunsira motero. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992, inabweretsa othawa kwawo oposa 1 miliyoni m'dziko muno, ndipo malire omwewo analowetsanso ma AK-47 amene anavutitsa anthu zaka zambiri pambuyo pake. Mu Disembala 1993 asilikali analanda zida za a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, ena a iwo n'kuthawira ku Mozambique. Mantha amenewa ndi oona, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Koma mfuti zonsezi zinali m'manja mwa anthu amene sankayankha kwa wina aliyense. Zimene ndikunena pano sizionjezera mfuti m'dziko. Chiphaso cha mfuti chilipo kale pansi pa lamulo la 1967, ndipo anthu akuchitenga. Mayeso ndi mpanda woonjezera, ndipo ena amene lero akanachipeza adzalephera.

Umboni ulipo wosonyeza kuti mpanda wotere umagwira ntchito. South Africa inakhazikitsa lamulo la Firearms Control Act mu 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julayi 2004. Kumeneko munthu asanapemphe laisensi ayenera kuphunzira kwa mphunzitsi wovomerezeka, kukhoza mayeso a malamulo ndi a kagwiridwe ka mfuti, kupatsidwa satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera, ndi kukhala ndi sefa yachitsulo yosungiramo. Laisensi ya mfuti yodzitetezera imatha pakapita zaka 5, ndipo amene akufuna kulembedwa ngati wamasewera weniweni ayenera kukhala membala wa bungwe lovomerezeka. Richard Matzopoulos ndi anzake, polemba mu American Journal of Public Health mu 2014, anapeza kuti m'mizinda 5 ya dzikolo imfa zophedwa ndi mfuti zinkatsika ndi 13.6 peresenti chaka chilichonse kuyambira 2001 mpaka 2005, pomwe zophedwa ndi zida zina zinkatsika ndi 2.4 peresenti yokha. Iwo anawerengera kuti miyoyo 4,585 inapulumuka. Mavuto a umbanda ku South Africa sanathe, ndipo abale athu amene ali ku Joni amadziwa zimenezi kuposa ife, koma kusiyana kwa manambala awiriwa n'kovuta kukufotokoza popanda kutchula lamulolo.

Pali umboni wina umene mphunzitsi woona mtima ayenera kuuza wophunzira aliyense tsiku loyamba. Kafukufuku wa Arthur Kellermann ndi anzake, wosindikizidwa mu New England Journal of Medicine mu 1993, anapeza kuti m'madera atatu a ku America, nyumba zosunga mfuti zinali ndi chiopsezo cha kuphedwa kwa munthu wa m'nyumbamo chochuluka ka 2.7 kuposa nyumba zopanda mfuti, ndipo wakuphayo kawirikawiri ankakhala wachibale kapena wokondedwa. America si Malawi, koma mowa, nsanje, ngongole ndi kukhumudwa zilipo konsekonse. Pano pamene nkhani za abambo odzipha chifukwa cha mavuto a zachuma ndi a m'banja zikumveka pafupipafupi, mfuti yosungidwa pansi pa pilo ndi chiopsezo kwa mwiniwake asanafike wakuba. Ambiri amene angadutse pabwalo n'kumva zimenezi, n'kuona ndi maso awo mmene dzanja limanjenjemerera kawotchi kakalira, adzabwerera kwawo atasankha chitseko cholimba, kusungitsa ndalama ku banki dzuwa lisanalowe, ndi kugwirizana ndi a chitetezo cha m'mudzi. Kwa ine chimenecho n'chipambano cha maphunzirowo.

Za ndalama zimanenedwanso, kuti zimenezi n'za anthu olemera, ndipo zipolopolo zonse zimachokera kunja pamene ndalama zakunja zikusowa. N'zoona, koma amene wakwanitsa kugula mfuti akwanitsanso kulipira maphunziro ake, ndipo gawo lalikulu la luso la volovolo limaphunziridwa popanda chipolopolo, pokoka chokhethemulira mobwerezabwereza mfuti ili yopanda kanthu mpaka mpope utasiya kugwedezeka. Malo nawo sitiyambira patali. Pa Mtakataka pompano pali sukulu yophunzitsa apolisi, ndipo aphunzitsi a kagwiridwe ka mfuti alipo kale m'dziko muno. Masiku oikika pamwezi, opempha chiphaso angamaphunzire moyang'aniridwa ndi apolisi, ndalama zolipira n'kumathandiza kusamalira bwalolo. Ngati pambuyo pake pangabadwe kalabu ya masewerawa, ibadwire pansi pa maso omwewo, ndi kaundula wa mamembala ndi mfuti zawo. Angoni a kwa Kachindamoto, amene mbiri yawo ikusungidwa ku Chamare Museum pa Mua, sankapereka mkondo ndi chishango kwa mnyamata amene sanakhwime ku ubusa ndi pa masewera a ndodo, ndipo akuluakulu ndiwo ankaona kuti wafikapo.

Lamulo lathu la mfuti linalembedwa patangopita zaka zitatu chilandirireni ufulu, dziko lisanaone AK-47 ikugulitsidwa m'malire. Aphungu athu, kuyambira a kuno kunyanja kwa Dedza, alitengere ku Nyumba ya Malamulo kuti linene mosapita m'mbali: maphunziro ovomerezeka, mayeso a pabwalo, sefa yokhoma imene wapolisi waiona ndi maso, ndi kuyesedwanso pakapita zaka zingapo. Ndipo inu amene mukuganiza zokapempha chiphaso chaka chino, musanafunse mtengo wa volovolo, kafunseni kupolisi kumene mungaphunzire kuigwira.